Utsike Kaye kwa a Morris

Tamanda mwana wanga,

Mayi ako apita ku ntchito, iwe uli ku Springburn kumene anzako a kutchalitchi akutsanzikana nawe, ndiye m'nyumba muno ndatsala ine ndi masutikesi ako amene ndakhala ndikupunthwa nawo sabata yonse. Ndati ndilembe, chifukwa ndikayamba kulankhula pamaso umandidula ndi Chingerezi chako cha kuno chothamanga ngati basi yochedwa, ine n'kuiwala pamene ndinayambira. Pepala silidula munthu mawu. Ndalemba m'Chichewa dala. Kumene ukupitako uzichifuna tsiku ndi tsiku, ndiye yambira pompano kuchita nacho thukuta.

Choyamba ndinene chimene chandidzaza mumtima: ndikukunyadira. Ku depoti ya mabasi kumene ndimagwira ntchito kulibe dalaivala amene sakudziwa kuti mwana wa Phiri akupita ku Lilongwe kukayamba ntchito ya ukazembe, moti ena ayamba kuthawa akandiona ndikubwera ndi kapu ya tiyi. Unafika kuno uli kamwana kolira ndi kuzizira, kokana kuvala majekete awiri. Lero dziko lako lakuitana kuti uziliyankhulira pamaso pa maiko ena, ndipo wandiuza kuti akakuika ku gawo loona za maiko a Aluya ndi dziko la Ayuda, komwe kwakhala kuli nkhondo. Sanasankhe mwana wa nduna. Asankha mwana wanga, ndipo ndikaganiza zimenezi pa chiwongolero ndimaseka ndekha ngati wozungulira mutu.

Koma ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndaliika poyera kuti usavutike kulifunafuna. Mawa, usanakwere takisi, utsike kaye kwa a Morris. Chatha chaka chathunthu musakulankhulana, iwe ndi nkhalamba imene unkaitcha agogo a pansi. Iwo zaka zapitirira makumi asanu ndi atatu, iwe ukupita kukakhala zaka zingapo. Sindikufunika kukuuza tanthauzo lake, unaphunzira kuposa ine.

Madigiri ndi ako, koma kazembe woyamba m'banja muno ndine. Anandipatsa udindowo ndi a Morris omwewo, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini a zinyalala. Tamvera m'mene zinayendera, mwina utolapo kanthu kamene ku yunivesite sanakuuze.

Chaka choyamba titalowa m'nyumba ino ya ku Govanhill, masamba atayamba kuyoyoka, ndinasuzumira pawindo la kukhitchini n'kuona mzungu wachikulire wa kachipewa pamutu, a Morris amenewo, akukhoma kachisakasa ka matabwa pabwalo la kuseri. Pamwamba anangoyalapo nthambi zotalikirana. Mvula ya Glasgow ukuidziwa, sipempha chilolezo. Ndinamva chisoni, komanso ndinamva kuyabwa m'manja, chifukwa ine kwathu ku Dedza ndinkadziwika pa kufolera, nyumba ndikaigwira ine inkatha zaka osadontha. Tsiku lina atapita ku sunagoge ndi akazi awo, mayi Esther, ndinathamangira ku shopu kukagula pepala lalikulu la pulasitiki. Ndinachotsa nthambi zija, kuyala pepala, kubwezeretsa nthambi mothithikana, kumanga ndi chingwe mpaka gwa. Kenako ndinaima chapatali, manja kumbuyo, kudikira kuthokozedwa.

Atabwera analowa mu kachisakasa kaja n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Mwachita ndinu?" anafunsa a Morris.

"Ndine, bambo. Tsopano ngakhale dontho limodzi sililowa."

Anaseka mpaka anagwira bini kuti asagwe. Atapeza mpweya anandifotokozera kuti icho si chisakasa cha njinga kapena cha nkhuku. Ndi msasa wa chikondwerero chawo cha Chiyuda, chokumbukira makolo awo amene anakhala m'misasa m'chipululu. Kwa sabata yonse amadyera mmenemo, ndipo denga liyenera kukhala la zomera zokhazokha, lopepuka moti nyenyezi zioneke ndi mvula ilowe. "Mwatimangira nyumba yabwino," anatero, "koma nyumba tili nayo kale." Ndinakwera n'kuchotsa pepala langa ndi manyazi ofika m'mapazi. Iwo sanandilole kuthawa. Anandikhazika mumsasa, mayi Esther anabweretsa supu, ndipo tinamwa madontho a mvula akugwera m'mbale. Tsiku lomwelo a Morris ananditcha Ambasada wa Malawi, ndipo mpaka lero akandiona pa masitepe amavula chipewa cha panja n'kuwerama pang'ono kuti andinyogodole.

Mwana wanga, kumene ukupitako uona zibowo zambiri pa madenga a anthu ena, ndipo manja ako ndi oyabwa ngati anga. Ufunse kaye kuti chibowocho ndi cha chiyani. Safunsa anadya phula, ine ndinadya pulasitiki.

Ukanayesa kuti ndinachenjera pamenepo, koma ayi. Miyezi ingapo itapita anatiitana ku mgonero wawo wa Paskha. Ine, mkulu wa mpingo, ndinati apa ndiye pakwathu, nkhani ya Mose ndi Farao ndimaidziwa ngati dzanja langa. Ndinauza mayi ako kuti munthu sapita kwa eni chimanjamanja, ndipo iwo anakazinga mandasi odzaza beseni, otupa bwino, aja amene umawakonda. Tinatsika masitepe ngati gulu la chinkhoswe, iwe patsogolo ndi diresi yako ya Lamulungu. Mayi Esther atatsegula chitseko n'kuona beseni, anatambasula manja onse awiri pakhomo ngati wapolisi wa pamsewu. Anali atatha masabata akusesa ndi kukolopa, kufufuza nyenyeswa iliyonse ya buledi m'makabati ndi m'matumba a majekete, kuti m'nyumba musatsale kanthu kalikonse ka chotupitsa. Ife tinabwera ndi beseni lathunthu. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti nkhani ya mkate wopanda chotupitsa ndinali nditailalikira kangapo. Kungoti sindinaganizepo kuti pali anthu amoyo, pansi m'nyumba yomwe ino, amene amaichitadi. Mandasi anatsala pa masitepe, ndipo ana a anthu oyandikana nafe anawaona ngati mana.

Sindikudziwa ngati ukukumbukira usiku umenewo. Mwambo wawo umati mwana wamng'ono pa tebulo ndiye afunse mafunso, kuti usiku uno wasiyana bwanji ndi mausiku ena. Ana awo anali atakula n'kusamukira ku Manchester, ndiye a Morris anakunyamula iwe n'kukuimika pampando. Unafunsa mafunso a pamwambo, kenako unawonjezera ako ena ambiri, mpaka supu inazizira. A Morris anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Uyu ndi wathu, Myuda weniweni amayankha funso ndi funso." Chaka chilichonse kuyambira pamenepo mpando umenewo unali wako, ngakhale mayi Esther atatisiya.

Ndiye ukumbukire, Tamanda: anthu sakhala m'mabuku. Sakhala m'Baibulo langa, sakhalanso m'mabuku ako a ku yunivesite aja ndinkalephera kuwanyamula. Dziko lathu lakhala pa ubwenzi ndi Ayuda kuyambira kalekale, ndipo ku ofesi akakuonetsa mapepala osainidwa ambiri onena zimenezo. Uwawerenge. Koma iwe ukupita ndi chimene mabwana ako ambiri alibe: unadya nawo, unawaona akuseka, unawaona akulira.

Za kulira ndiye ndikufuna ndinene mosaseka. Nkhondo ija inayamba chikondwerero cha misasa chikutha kumene, msasa wathu ukadali chiimire kuseri, nthambi zake zisanafote. Patapita masiku ochepa uthenga unafika woti mlongo wawo wa a Morris, mayi wokalamba amene ankakhala m'mudzi wina kummwera kwa dziko lija, anali m'gulu la ophedwa. Ine ndinatenga Baibulo langa n'kutsika. Ndinawapeza atakhala pa kampando kakafupi pafupi ndi pansi, magalasi a m'nyumba ataphimbidwa ndi nsalu, kandulo ikuyaka. Ndinatsegula mabuku a aneneri n'kuyamba kuwafotokozera kuti zonsezi zinalembedwa, kuti ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Ndinalankhula ngati ndili pa gome la ku tchalitchi. Iwo anangondiyang'ana, maso ouma. Kenako analowa mayi ako. Anavula nsapato, anamanga chitenje, n'kukhala pansi penipeni atatambalala monga amachitira amayi pa maliro kwathu. Sanatsegule pakamwa. Patapita nthawi a Morris anayamba kusimba za mlongo wawo, m'mene ankawamenyera nkhondo kusukulu kuno ku Glasgow ali ana, ndipo misozi inayamba kutsika. Ndinatseka Baibulo langa mwakachetechete n'kukhala pansi nanenso. Titakwera kunyumba mayi ako anangoti, "Inu abambo a Tamanda, pa maliro timapita kukakhala, osati kukafotokoza." Ndinakalamba ndikuyenda maliro, koma ndinaiwala zimenezi tsiku limene zinkafunika kwambiri.

Ntchito yako ikakupititsa pamaso pa anthu oferedwa, a mbali iyi ndi a mbali inayo, ndipo akakupatsa mawu okonzedwa bwino oti ukanene. Uyambe wakhala pansi, mawuwo sathawa.

Tsopano ndifike pamene ndinakuonera kuti ndiwe kazembe weniweni, kalata ya ku Lilongwe isanabwere n'komwe. Chaka chotsatira a Morris anandiuza kuti msasa samanga. Anati bwalo la kuseri ndi la anthu onse a m'nyumba muno, ndipo m'masiku ano a nkhondo sakufuna kuika Chiyuda chawo poyera, kuopa mwala pawindo kapena mawu oipa pakhoma. Munthu amene anabadwira mumzinda uno anayamba kubisa kachipewa kake pansi pa chipewa cha ubweya akamapita ku shopu. Ine ndinavomera, ndinati nkhalamba ikudziwa chimene ikuopa. Iwe unakana. Unagogoda khomo ndi khomo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Khomo limene ndinkaliopa linali la a Yusuf, Mpakistani wa m'nyumba yomwe ino, amene chaka chonse anali atapachika mbendera ya Apalestina pawindo ndipo nkhani za ana akufa ku Gaza zinkawagonetsa ndi njala. Unakhalako nthawi yaitali, ine ndikudikira pa masitepe. Sunandiuzepo zimene munakambirana. Ndinangoona Lamulungu masana a Yusuf akufika ndi nthambi zodzaza galimoto kuchokera ku kadimba kawo, n'kunena kwa a Morris kuti, "Boma loponya mabomba ku Gaza lija ndili nalo mawu ambiri, koma inu ndinu mnansi wanga. Zikwana izi?" Mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku limenelo denga lodontha lija linasenzedwa ndi Mmalawi, Mpakistani ndi mayi wa Chiskoti woyandikana nafe amene ankangolamula. Iwe ndiye unagwira hamala.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuti mumsasa womwewo ndi mmene munayambanira. Ukudziwa wekha, koma ndinene m'mene ndinaonera ine. Linali Loweruka. Unachokera ku chionetsero cha m'tauni chodandaula za ana ophedwa ndi mabomba, n'kulowa mumsasa chikwangwani chako chili m'manja, chifukwa kwa iwe panalibe chobisa. A Morris anachiyang'ana, nkhope inasintha, ndipo anati, "Wadya pa tebulo langa kuyambira uli kamwana, lero ukuyenda ndi anthu ofuna kuti tithe?" Iwe unaimirira n'kuyankha kuti, "Chisoni chanu chakutsekani m'maso, simukuonanso ana a anthu ena." Unatuluka. Iwo anakankha mbale yawo. Ine Ambasada ndinakhala pakati ndi supuni m'manja, n'kuyamba kunena za mvula.

Ndikuuze zoona: sindinachitepo manyazi kuti unayenda nawo m'tauni muja. Mwana amene saona ana a anzake akufa sindikanamufuna m'nyumba mwanga. A Morris analakwa kukuika m'gulu la adani awo, ndipo akudziwa. Koma nawe unalankhula ndi munthu amene mlongo wake anali asanathe chaka m'manda, ndipo unabaya pa chilonda penipeni. Ukhoza kukhala wolondola n'kukhala wankhanza nthawi yomweyo. Zimenezi uzionanso ku ntchito, kumene anthu ovala masuti amanena zoona zokhazokha mpaka misonkhano kuphwasuka.

Cholakwa changa chomaliza ndi cha masabata apitawa. Ayuda ali ndi tsiku lalikulu losala kudya, Tsiku la Chitetezero, limene limafika chikondwerero cha misasa chitatsala pang'ono. Lisanafike, ndinamva kugogoda, n'kupeza a Morris pakhomo pathu akupuma ngati munthu wothamangitsidwa, dzanja limodzi pa ndodo, lina pa khoma. Ukudziwa kuti timakhala pamwamba ndipo nyumba zakalezi zilibe chikepe. Anafunsa za iwe. Unali ku London kukatenga mapepala ako. Nditamva chimene abwerera, ndinakondwa n'kunena kuti, "Bambo, musavutike. Kwathu nkhani zotere zimayenda ndi nkhoswa. Ndiuzeni ine, ndikafikitsa, ndipo ndikongoletsa bwino." Anapukusa mutu. Anati pa tsiku limenelo Mulungu amakhululuka zimene munthu wamulakwira Iye, koma zimene walakwira mnzako Mulungu salowererapo mpaka utapita wekha kukapepesa kwa mwini wake. "Ambasada," anatero, "ntchito zonse ndakupatsani, koma iyi ndi ya pakamwa panga." Ndinawagwira mkono n'kuwatsitsa pang'onopang'ono, tikupumula pa nsanjika iliyonse.

Utabwera ndinakuuza kuti anakufuna. Unati, "Ndamva, adadi, ndipita," n'kupitiriza kupinda zovala. Sunapite. Sindikukudzudzula, ndikudziwa kuti si mwano, ndi mantha oti mukakumana mubwereza zomwezija. Mtima wouma umenewo unautengera kwa ine, mayi ako akhoza kuchitira umboni.

Pali zina zing'onozing'ono zoti ndikukumbutse ndisanaiwale. Ku ofesi upereke moni kwa aliyense, kuyambira mlonda wa pageti, ndipo moni wake ndi "mwadzuka bwanji," osati kugwedeza chibwano kwa kuno. Akamaseka kalankhulidwe kako useke nawo, pakatha miyezi lilime liwongoka. Azakhali ako a ku Dedza ukawaone mwezi woyamba usanathe, apo ayi foni yanga siigona. Ukakwiya pa msonkhano, umwe madzi kaye. Ndipo ukadzakhala pa tebulo ndi anthu a dziko la Ayuda, kapena a maiko a Aluya, usadzanamizire ubwenzi pobisa chimene ukuona kuti n'cholakwika. Bwenzi limanena. Koma likanena silichoka pa tebulo, limatsala mpaka mbale zitatsukidwa. Apa ndi pamene iwe ndi a Morris munaphonya nonse awiri.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine mantha anga ndi ena: kuti mlomo uwu sudzaupezanso, chifukwa mwini wake adzakhala atapita, ndipo udzaunyamula wekha moyo wako wonse popanda woupereka kwa iye. Sindikufuna kuti mwana wanga ayambe ntchito yoyanjanitsa maiko ali ndi mwala wotere m'thumba.

Msasa wa chaka chino uli chiimire. Tinaumanga ine ndi a Yusuf, a Morris atakhala pampando n'kumatilozera ndi ndodo. Dzulo masana, iwe uli m'tauni kogula nsapato, anakweranso. Ulendo uno sanafike. Ndinawapeza pa nsanjika yachiwiri atakhala pa sitepe, milomo itachita mbuu, chipewa chili pa bondo. Ndinawakalipira ngati mwana, ndinati akufuna kutifera pa masitepe. Anadikira mpaka nditamaliza, kenako anati mwambo wawo umafuna kuti munthu apemphe chikhululukiro mpaka katatu, ndipo iwo ayesa kawiri kokha. Anandifunsa kuti takisi ibwera nthawi yanji. Ndinawauza, chifukwa sindinathe kuwanamiza. Akuti mawa ayamba kukwera m'mawa ndithu, kuti apeze nthawi yopumira m'njira.

Tamanda, ukadutsa pakhomo pawo osaima, masutikesi ndinyamulabe, ku bwalo la ndege ndikuperekezabe, ndipo kukunyadira sindisiya. Koma usalole kuti munthu wa zaka zija akwere masitepe aja kachitatu chifukwa cha iwe. Miyendo yako ndi yabwino. Uyambe ndiwe kutsika.

Ndine bambo ako,
amene ndimakukonda kuposa m'mene ndimanenera.